Galimoto yamagetsi ya pampikisano: mujambule yotani?

Mnyamata wina wa chaka chachitatu m'maphunziro a uinjiniya anandibweretsera pepala lalikulu limene anajambulapo galimoto yamagetsi yoti akapikisane nayo. Inali yokongola zedi, yosalala ngati mwala wa mumtsinje, yokhala ndi matayala aakulu komanso denga lotsika. Ndinatenga katoni n'kudula kamunthu kokhala pampando, molingana ndi sikelo ya chojambulacho, kenako ndinakaika pamalo a dalaivala. Mutu wa kamunthuko unatulukira pamwamba pa denga. Titayamba kufufuza poika batire, tinapeza kuti malo ake palibe. Mnyamatayo anakhala duu kwa kanthawi, kenako anafunsa kuti, "Nanga tiyambire pati, bambo?" Zimene ndalemba panozi ndi zomwe tinakambirana masabata otsatira, ndipo ndikuzipereka kwa aliyense amene akukonzekera mpikisano wotere.

Poyamba dziwani mtundu wa mpikisano umene mukulowa, chifukwa mipikisanoyi ndi yosiyana. Ilipo yongofuna zojambula ndi maganizo, monga mmene unalili wa Michelin Challenge Design, pamene oweruza amayang'ana ngati mwaona vuto lenileni la anthu n'kuliyankha ndi galimoto yooneka bwino. Ilipo ina yofuna kuti galimoto ipangidwe ndithu n'kuyenda. Ku Shell Eco-marathon amayeza mtunda umene mwayenda ndi mphamvu yochepa, ndipo m'gulu la Urban Concept galimoto imayenera kukhala ndi matayala anayi, nyale ndi zopukutira galasi ngati yoyenda pamsewu weniweni. Mpikisano wa magalimoto oyendera dzuwa wa ku Australia, umene unayamba mu 1987, umachokera ku Darwin kukafika ku Adelaide, mtunda wa makilomita pafupifupi 3,000. Ku South Africa kuli Sasol Solar Challenge kuyambira 2008. Werengani malamulo ake kawiri konse musanagwire pensulo. Ngati gulu lanu lilibe ndalama zogulira batire ndi mota, wa zojambula ndi umene mungaukwanitse chaka chino, ndipo zambiri zimene ndilongosole zikukhudza umenewo.

Njira zitatu za thupi la galimoto

Njira yoyamba ndi imene achinyamata ambiri amathamangira: galimoto yoyenda mtunda wautali pa liwiro, yoboola mphepo ngati nsomba m'madzi. Chitsanzo chabwino ndi Vision EQXX ya Mercedes-Benz. Mu April 2022 inayenda makilomita 1,008 kuchokera ku Sindelfingen ku Germany mpaka ku Cassis ku France popanda kutchaja panjira, ndipo batire yake sinkafika pa 100 kWh. Kuti timvane, kWh imodzi ndi yuniti imodzi yomweyi timagula ya magetsi a m'nyumba. Galimotoyi inkadya mayunitsi osakwana 9 pa makilomita 100 alionse. Chinsinsi chake chinali thupi: nambala yoyezera mmene mphepo imaitchingira inali 0.17, pamene magalimoto ambiri amene timawaona amakhala cha m'ma 0.30. Mphepo ndi mdani woopsa pa liwiro, pakuti mukathamanga kuwirikiza kawiri, kukankha kwake kumawirikiza kanayi.

Ubwino wa njirayi ndi woti chojambula chimakopa maso msanga. Vuto lake ndi loti mukupikisana pa bwalo la eni ake. Ophunzira a m'masukulu ojambula magalimoto a ku Turin ku Italy, ku Pforzheim ku Germany kapena ku Pasadena ku America amajambula magalimoto otere tsiku ndi tsiku, ndipo ena amakhala ndi makina oyeseramo mphepo. Inu mukangolemba kuti yanu ili pa 0.18 popanda umboni, woweruza wodziwa ntchito adzadutsa osaimapo. Komanso thupi lotere limafuna kukhala pafupi ndi nthaka, ndiye kuti limafuna tala wosalala. Ndingakulimbikitseni njirayi pokhapokha ngati mutu wa mpikisano ukunena za maulendo aatali, ndipo m'gulu mwanu muli wina wodziwa kuyesa mphepo pa kompyuta.

Njira yachiwiri ndi kagalimoto ka m'tauni. Apa yang'anani Citroën Ami, imene inatuluka mu 2020 ndipo imapangidwa ku Kenitra ku Morocco. Ndi yotalika mamita 2.41 basi, imanyamula anthu awiri, siipyola makilomita 45 pa ola, ndipo batire yake ya mayunitsi 5.5 imayenda makilomita pafupifupi 75. Chimene chimandisangalatsa pa kagalimotoka ndi zitseko. Chitseko cha kumanja ndi cha kumanzere ndi chimodzi chomwecho, chopangidwa pa chikombole chimodzi, n'chifukwa chake china chimatseguka cha kutsogolo pamene chinzake chimatseguka cha kumbuyo. Nkhope yake ndi kumbuyo kwake nazonso n'zofanana. Amene anakonza zimenezi ankaganiza za mtengo wa fakitale kwinaku akujambula, ndipo maonekedwe ake achilendowo anachokera pomwepo. Mu 2022 kampani yomweyo inaonetsa galimoto yongoyesera yotchedwa Oli, yokhala ndi denga ndi boneti zopangidwa ndi katoni yolimbitsidwa, cholinga chili chakuti galimoto yonse ilemere makilogalamu 1,000 okha.

Njirayi ndi yabwino kwa gulu laling'ono, pakuti masamu ake ndi osavuta ndipo batire yake imadzaza pa soketi ya m'nyumba m'maola ochepa. Koma idzafuna kuti muyankhe mafunso awiri ovuta. Loyamba ndi la ngozi: kagalimoto kopepuka chonchi kakagundana ndi minibasi, anthu ali m'katimo atetezedwa ndi chiyani? Lachiwiri ndi la wogula. Mukanena kuti ndi ya ku Lilongwe kapena ku Lusaka, kumbukirani kuti kwathu kuno galimoto ya banja imanyamula ana a sukulu m'mawa, thumba la chimanga madzulo, ndiponso achibale opita ku maliro Loweruka. Ya mipando iwiri idzafunika kuti muipezere mwini wake weniweni, mwina wogawa katundu m'mashopu kapena wonyamula anthu m'malo mwa kabaza wa njinga yamoto.

Njira yachitatu ndi imene mtima wanga uli, ndipo sindibisa. Ndi galimoto ya ntchito, yonyamula katundu ndi anthu pa msewu wafumbi. Kaimeni pa Lizulu tsiku la msika muone mapikapu akubwera kuchokera m'mapiri: madengu a tomato osanjikizana, matumba a mbatata ya kachewere, amayi atakhala pamwamba pa katundu atagwira zingwe, kumbuyo kwa galimoto kutatsika mpaka matayala kutsala pang'ono kukhula bodi. Ulendo wake si wautali, liwiro lake ndi lochepa, koma katundu ndi wolemera ndipo mafuta amadya phindu lonse. Imeneyo ndi ntchito imene mota yamagetsi imaikwanitsa bwino kuposa injini, popeza imakoka ndi mphamvu zake zonse ikangoyamba kuzungulira, ndipo potsika phiri imasanduka jenereta n'kumabwezera moto mu batire.

Ena anayamba kale kuyenda njirayi, ndipo ndi bwino kuwadziwa. Pa yunivesite ya zaumisiri ya ku Munich anapanga aCar, imene anaionetsa ku Frankfurt mu 2017 ataiyesa ku Ghana. Imakoka ndi matayala onse anayi, imanyamula tani imodzi, ndipo ya poyambayo inali ndi batire ya mayunitsi 20, yoyenda makilomita 80. Palinso OX, kalole kamene anakonza Gordon Murray, katswiri yemwe anatchuka ndi magalimoto a mpikisano wa Formula One. Galasi lake lakutsogolo ndi zidutswa zitatu zathyathyathya, moti chimodzi chikasweka simugula galasi lonse. Dalaivala amakhala pakati, ndiye galimoto imodzi yomweyo imayenda bwino ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique kumene timayenda kumanzere, komanso ku Congo kapena ku Rwanda kumene amayenda kumanja. Inayamba ndi dizilo, koma ku Rwanda anayendetsako yamagetsi yonyamula katundu wa alimi ndi amalonda. Ndipo musaiwale anzathu a ku Makerere ku Uganda, amene mu 2011 anapanga Kiira EV ya mipando iwiri ali pa sukulu, ntchito imene inakula mpaka kubala kampani ya Kiira Motors yopanga mabasi a Kayoola.

Chimene mungapambanire pa njirayi n'chakuti msewu umenewu mumaudziwa inu. Mukudziwa kuti thumba la chimanga ndi makilogalamu 50, mukudziwa mmene matope a mu February amagwirira tayala, mukudziwa kuti galasi lokhota likasweka galimoto imakhala miyezi pa galaja kudikira lina. Wophunzira wa ku Ulaya zimenezi amaziwerenga, inu munazikwera. Kuipa kwake n'kwakuti n'kosavuta kujambula bokosi la malata lopanda moyo n'kumati ndi "yolimba". Mpikisano wa maonekedwe umafunabe kukongola, ndipo mwini pikapu nayenso amanyadira galimoto yake. Khalani nthawi pa nkhope yake, pa mzere wochokera ku denga kutsikira ku bodi, pa mmene nyale zikhalire.

Batire ndiyo imalamula zonse

Pa galimoto yamagetsi, batire ndi chinthu cholemera kwambiri komanso chodula kwambiri, choncho musaisiyire kumapeto. Walira mvula walira matope: mukafuna mtunda wautali, mwafunanso kulemera. Yuniti iliyonse imabwera ndi makilogalamu apakati pa 5 ndi 8 pa batire yathunthu. GMC Hummer EV ili ndi batire yolemera makilogalamu oposa 1,000, ndipo galimoto yonse imapyola matani 4, moti mbali yaikulu ya mphamvu zake imathera pa kudzinyamula yokha.

Mitundu imene mungasankhepo kwenikweni ndi iwiri. Ya NMC, yokhala ndi nickel, manganese ndi cobalt, imasunga moto wambiri m'thupi lopepuka, n'chifukwa chake imakondedwa pa magalimoto a maulendo aatali. Koma ndi yodula, siikonda kutentha, ndipo cobalt wake wambiri amachokera ku migodi ya ku Congo kumene nkhani za ana ogwira ntchito zakhala zikumveka. Ya LFP ilibe cobalt kapena nickel, ndi yolemerako pa yuniti iliyonse, koma imapirira kutchajidwa kambirimbiri ndipo siigwira moto msanga. BYD ya ku China inaitchukitsa kwambiri ndi batire yake ya Blade mu 2020. Pa njira yachiwiri ndi yachitatu ine ndimasankha LFP mosazengereza. Palinso ya sodium imene kampani ya mabatire ya CATL ya ku China inalengeza mu 2021. Mukhoza kuitchula ngati ya m'tsogolo, koma masamu anu akhazikeni pa LFP.

Kutentha musakutenge mopepuka. Nissan Leaf yoyamba ya mu 2010 inali ndi batire ya mayunitsi 24 yopanda madzi oiziziritsa, ndipo eni ake a ku Arizona anadandaula mu 2012 kuti mabatire awo akufooka msanga. Ku Nsanje ndi ku Chikwawa mu October kutentha kumapyola madigiri 40. Chojambula chanu chionetse mmene batire izipumira.

Poiika, ambiri masiku ano amaiyala pansi pa galimoto yonse ngati mphasa, njira imene Tesla Model S inaifalitsa kuyambira 2012. Galimoto imakhazikika bwino pokhota ndipo m'kati mumakhala malo ambiri. Koma pansi pamenepo ndi pomwe miyala imamenya ndi pomwe madzi amafika mukamawoloka mtsinje wopanda mlatho, ndiponso anthu amakhala pamwamba pa batire, ndiye denga limakwera. Pa galimoto ya kumudzi, bokosi la batire loikidwa kuseli kwa mipando, pamwamba pa chasisi, ndi lotetezeka ndipo makaniko amalifikira osakweza galimoto.

Moto uchokera kuti?

Pali njira zitatu, ndipo achinyamata amakonda kuziika zonse pa galimoto imodzi. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Kutchaja pa soketi ndi kophweka. Soketi ya m'nyumba ya mavoti (volts) 230 imapereka mayunitsi awiri ndi pang'ono pa ola. Batire ya mayunitsi 20 imadzaza usiku umodzi, pamene ya mayunitsi 100 imafuna maola oposa 40. Masamu amenewa okha akukuuzani kuti kumene kulibe matchaja othamanga, batire yaikulu ndi katundu chabe. Ganiziraninso kuti magetsi amatha kusowa nthawi yaitali, monga zinachitikira namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022.

Kusinthanitsa batire, kusiya yotha n'kutenga yodzaza, kwayenda bwino pa njinga zamoto. Gogoro ku Taiwan ndi Ampersand ku Rwanda amachita zimenezi, chifukwa batire ya njinga munthu amainyamula ndi manja. Pa galimoto n'zovuta: kampani ya Better Place ya ku Israel inayesa ndipo inagwa mu 2013, pamene NIO ku China yakwanitsa pomanga masiteshoni odula a makina. Ngati mukufuna njirayi, gawani batire m'timabokosi toti munthu mmodzi anyamule, ndipo muonetse dzanja lake likugwira chogwirira pa chojambula.

Za sola pa denga ndikufuna tiwerengere limodzi, chifukwa apa ndi pamene ambiri amadzinamiza. Panelo ya mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi imapereka mawati pafupifupi 200 dzuwa lili paliwombo, ndipo tsiku lonse la dzuwa labwino imasonkhanitsa yuniti imodzi. Denga la galimoto wamba lingakwane mapanelo awiri otere. Mayunitsi awiri pa galimoto yodya 15 pa makilomita 100 ndi makilomita 13 basi. Pa kagalimoto ngati Ami angapyole makilomita 25, ndipo pamenepo ayamba kukhala ndi tanthauzo. Lightyear ya ku Netherlands ndi Sono Motors ya ku Germany anamanga chiyembekezo chawo pa magalimoto a sola, ndipo kumayambiriro kwa 2023 onse awiri anasiya kupanga magalimoto amene analonjeza. Dzuwa tili nalo lambiri, koma malo ake abwino ndi pa denga la shedi pamene galimoto imagona kapena pa msika pamene imadikira katundu. Mapanelo 20 pa shedi amadzaza batire ya mayunitsi 20 tsiku limodzi. Jambulani shediyo pambali pa galimoto yanu, oweruza adzaona kuti mwaganiza za ulendo wonse.

Mota ndi mawaya

Mota zoikidwa m'kati mwa matayala zimakopa ojambula chifukwa zimasiya galimoto yonse yopanda kanthu m'kati. Si zatsopano: Ferdinand Porsche anaziika pa galimoto ya Lohner-Porsche imene inaonetsedwa ku Paris mu 1900. Vuto ndi loti tayala limalemera, ndipo tayala lolemera likagwera m'dzenje limamenya mwamphamvu popanda masipuling'i oteteza motayo. Onjezanipo fumbi ndi matope. Pa tala wa m'tauni zingatheke, koma kumudzi ikani mota imodzi pakati pa matayala akumbuyo, kapena ziwiri ngati mukufuna kuti onse anayi azikoka.

Mota ya maginito ndi yaing'ono ndipo siwononga moto, koma imafuna miyala yosowa ngati neodymium, ya mtundu umene ukupezeka ku Kangankunde ku Balaka ndi ku Songwe ku Phalombe. Mota yopanda maginito, imene Tesla inayamba nayo, ndi m'bale wake wa mota ya pa chigayo, ndipo amisiri okulunganso mawaya a mota zotere alipo m'matauni mwathu. Ndi mfundo yaing'ono, koma imaonetsa kuti mwaganizira tsiku limene galimoto idzawonongeke. Chimodzimodzinso mavoti. Magalimoto ambiri amayendera mavoti 400, ndipo Porsche Taycan imafika pa 800 kuti izitchaja msanga, koma moto wotere umapha makaniko wosaphunzitsidwa. Ya aCar anaisiya pa mavoti 48, amene munthu angagwirepo ntchito popanda mantha aakulu. Malipiro ake ndi mawaya onenepa komanso liwiro lochepa, zimene pikapu ya kumsika ingapirire.

Kuionetsa kwa oweruza

Pensulo ndi pepala ndi poyambira, ndipo jambulani zambiri, makumi angapo, musanakonde chimodzi. Kompyuta ibwere pambuyo. Pulogalamu ya Blender ndi yaulere ndipo imatulutsa zithunzi zooneka ngati zenizeni. Fusion ya Autodesk ophunzira amaipeza popanda kulipira ndipo ndi yabwino pa miyeso. Alias ndi imene makampani a magalimoto amagwiritsa ntchito, koma imatenga nthawi kuiphunzira. Chithunzi chimodzi chisasowe: galimoto yoonedwa cham'mbali ngati yadulidwa pakati, yoonetsa munthu, batire, mota ndi katundu, zonse pa sikelo imodzi.

Ngati akufuna kagalimoto kogwirika, sikelo ya 1:10, kutanthauza kuchepetsa miyeso yonse kakhumi, ndi yokwanira. Makampani amaumba ndi dongo la m'fakitale, mwambo umene Harley Earl anaukhazikitsa ku General Motors. Dongo limenelo lili ndi phula m'kati, amalifewetsa ndi kutentha ndipo siliuma n'kung'aluka. Ife tinayesa dongo la pachulu, ndipo patatha masiku atatu denga linang'ambika pakati ndipo boneti inapindika. Kachiwiri tinamata zidutswa za thovu loyera lija limabwera m'makatoni a firiji, tinalisema ndi mpeni ndi sandipepa, tinalikuta ndi pulasitala wopyapyala, kenako ndi mankhwala omatira bodi a ku galaja, n'kupenta. Linatuluka losalala ndipo linapirira ulendo wa pa minibasi.

Mnyamata uja anabweranso patatha mwezi ndi pepala lina. Anali atapita kwa amalume ake amene amayendetsa matola, n'kuyenda nawo maulendo awiri ali ndi tepi yoyezera m'thumba. Pa pepalapo panali pikapu yaifupi ya dalaivala wokhala pakati, bodi yokwana matumba 10 a chimanga kapena mabenchi awiri opindika, bokosi la LFP la mayunitsi 20 kuseli kwa mipando, ndi shedi ya mapanelo pambali. M'munsi analemba masamu ake ndi pensulo: makilomita 40 kupita ku boma, 40 kubwerera, mayunitsi 16, anayi otsala. Nkhope ya galimotoyo inali idakali yosakhazikika, nyale zinali zazikulu kwambiri, ndipo tinagwirizana kuti aijambulenso kakhumi. Anatulutsa kamunthu ka katoni kaja m'buku lake, anakaika pampando yekha, ndipo pakati pa mutu wake ndi denga panatsala mpata wa chala chimodzi.